Kuwedza walleye ndi salmon muli m'boti pa nyanja zikuluzikulu za ku North America

Nsomba ziwirizi zimapezeka m'nyanja zomwezo, koma khalidwe lake n'losiyana. Walleye imakonda kachisisira ndipo nthawi zambiri imayenda chakufupi ndi pansi. Salmon imatsata madzi ozizira ndi khamu la tinsomba timene imadya, ngakhale pansi patakhala patali mamita 100. Pa Lake Erie, Lake Ontario kapena Lake Michigan, chimene chimasiyanitsa boti lobwerako ndi nsomba ndi lobwerako chimanjamanja kawirikawiri ndi kuya kumene nyambo ikuyenda. Mtundu wa nyambo umabwera pambuyo. Malangizo onse ali m'munsimu akuzungulira pamenepo: kupeza kuya koyenera, kufikitsapo nyambo, ndi kutha kubwereza zomwezo nsomba yoyamba ikaluma.

Musanatsitsire boti m'madzi

Yambani ndi mapepala. Ku Ontario, chigawo cha ku Canada, mufunika khadi lotchedwa Outdoors Card pamodzi ndi chiphaso chowedzera, ndipo woyendetsa boti la injini ku Canada kawirikawiri amafunika umboni woti amadziwa kuyendetsa boti, monga Pleasure Craft Operator Card. Ku America chigawo chilichonse chili ndi chiphaso chakechake. Malire a mayiko awiriwa amadutsa pakati pa Erie, Ontario, Huron ndi Superior. Lake Michigan yokha ndiyo ili yonse mu America. Chiphaso cha ku Ohio chimathera pa mzere wa malirewo, choncho mzerewo uzioneka pa GPS yanu nthawi zonse. Malamulo a kuchuluka kwa ndodo nawonso ndi osiyana: ku Michigan munthu mmodzi amaloledwa ndodo zitatu, pamene ku Minnesota m'madzi ambiri ndi imodzi yokha madziwo akakhala osaundana. Kumbali ya Ohio ya Lake Erie, zaka zapitazi munthu amaloledwa walleye 6 pa tsiku, iliyonse yosachepera mainchesi 15, omwe ndi masentimita pafupifupi 38. Manambalawa amaunikidwa chaka ndi chaka, ndiye werengani kabuku ka malamulo ka chaka chimenecho.

Kenaka onani za mphepo. Erie ndiyo yosaya kwambiri pa nyanja zisanu zija, ndipo chigawo chake cha kumadzulo chimangokhala mamita pafupifupi 7. Madzi osaya chotere akapsa mtima, mafunde ake amakhala afupiafupi, otsatizana, ndipo amadzuka mwadzidzidzi. Jekete yoyandamitsa muziyivala, osangoiika pansi pa mpando. Mu Epulo madzi amakhala asanafike madigiri 10 a Celsius, ndipo munthu akagweramo manja amauma pa mphindi zochepa.

Pa zipangizo, zitatu ndi zimene sindingalole kuti zisowe m'boti: fish finder yoonetsa kuya ndi nsomba, GPS yoonetsa liwiro, ndi reel (chopombera chingwe) yokhala ndi kauntala wowerenga chingwe chimene mwatulutsa. Kauntalayu amaoneka ngati kanthu kachabe, koma ndi amene amakuuzani pamene nyambo inali nthawi imene nsomba inaluma. Dziwaninso kuti asodzi a kumeneko amayankhula za mafiti ndi mamailosi. Mamita atatu ndi mafiti pafupifupi 10.

Walleye: yambani ndi kuwala

Diso la walleye lili ndi kachigawo kumbuyo kwake kamene kamabweza kuwala, n'chifukwa chake limanyezimira mukaliunika ndi tochi. Nsombayi imaona bwino mumdima kuposa tinsomba timene imasaka, ndipo imagwiritsa ntchito mwayi umenewu. Imadya kwambiri mbandakucha, chamadzulo dzuwa likulowa, usiku, ndiponso masana a mitambo. Kamphepo kowinditsa madzi pang'ono n'kabwino chifukwa kamaswa kuwala kolowa pansi. Tsiku la bata, dzuwa lili pamutu, madzi ali mbee, walleye imatsikira kwakuya kapena kubisala m'mphepete mwa udzu wa m'madzi.

Malo ake amasintha ndi miyezi. Mu Malichi ndi Epulo, madzi akafika madigiri 6 mpaka 10, walleye za ku Erie zimakwera mitsinje ya Maumee, Sandusky ndi Detroit kukaikira mazira, zina n'kuikira pa miyala ya pansi pa madzi kufupi ndi Port Clinton. Kukatentha, zikuluzikulu zambiri zimasamukira kummawa kumene nyanja ndi yakuya ndi yozizirirapo, ndipo kumeneko zimalekana ndi pansi n'kumayenda pakatikati pa madzi. Ku Bay of Quinte, pa Lake Ontario, zazikulu zimalowa kuyambira Okutobala mpaka madzi ataundana. M'nyanja za kumtunda monga Mille Lacs ndi Lake of the Woods, funani pamene pansi pakutsetsereka mwadzidzidzi, pamene miyala ikukumana ndi matope, kapena nsonga ya mtunda yolowa m'madzi imene mphepo yakhala ikuombako. Ku Ontario mudzamva ambiri akuitchula pickerel. Ndi nsomba yomweyi.

Musaponye mbedza musanaone kanthu. Yendani pang'onopang'ono pamalopo mukuyang'ana fish finder. Walleye yokhala pansi imaoneka ngati kauta kapena kachotupa kongotukuka pang'ono pamwamba pa mzere wa pansi. Mukaona zingapo, ikani chizindikiro pa GPS, kenaka sankhani njira imodzi mwa zitatu izi molingana ndi mmene nsombazo zakhalira.

Zikakhala zounjikana pamalo amodzi, gwiritsani ntchito jig, yomwe ndi mbedza yokhala ndi mutu wa mtovu. Pa madzi odekha a mamita 3 mpaka 6, ya magalamu 4 mpaka 10 imakwana. Mu Detroit River, momwe madzi amathamanga, asodzi amafika pa magalamu 20 kapena 28. Kolowekani kansomba kamoyo kukamwa, kapena msundu, kapena nyambo yofewa ya pulasitiki. Tsitsani mpaka chingwe chitakhwepa, kusonyeza kuti jig yagunda pansi. Kungani chingwe, kwezani nsonga ya ndodo masentimita 20 kapena 30, ndipo bwezani pansi mwapang'onopang'ono chingwe chisakhwepe. Pamenepa m'pamene pali nkhani yonse. Walleye imaluma nthawi zambiri jig ikutsika, ndipo simva ngati kukoka. Mumangomva kugogoda kamodzi kopepuka, kapena kulemera ngati mbedza yakola tsamba lonyowa, kapena chingwe chimaima chisanafike pansi. Chilichonse mwa izi chikachitika, kwezani ndodo mwamphamvu nthawi yomweyo. Chingwe cha braid, chomwe sichitamuka, chimathandiza kumva kugogodako. Kumapeto kwake mangirirani mita imodzi ya fluorocarbon yosaoneka bwino m'madzi.

Mumtsinje pali lamulo limodzi lowonjezera: chingwe chiziima chilili pansi pa ndodo. Boti liziyenda liwiro limodzi ndi madzi. Mphepo ikamalikankha, lozetsani mutu wa boti kumphepoko ndi kainjini ka magetsi, n'kumatsatira chingwe chanu. Chikangopendekeka, jig imakwekwereza pansi ndipo imakodwa m'miyala.

Zikakhala zomwazikana pansi pa dera lalikulu, tengani bottom bouncer. Ndi waya wopindika wokhala ndi mtovu pakati, amene nsonga yake imayenda ikugunda pansi osakodwa. Kumbuyo kwake mumamangirira chingwe cha mita imodzi kapena imodzi ndi theka chokhala ndi mikanda, kachitsulo kozungulira konyezimira, ndi mbedza ziwiri zokolowekapo nyongolotsi yaikulu. Nyongolotsiyo ikhale yowongoka. Ikapindika imazungulira n'kupota chingwe. Muyezo wa mtovu ndi wosavuta kukumbukira: magalamu 28 pa mamita atatu alionse a kuya. Yendetsani boti makilomita 1.5 mpaka 2.5 pa ola. Tulutsani chingwe mpaka mutamva kugunda pansi, ndipo chizipendekeka theka la pakati pa kuima ndi kugona. Chikagona kwambiri, onjezani mtovu m'malo motulutsa chingwe china. Nsomba ikaluma pano musafulumire. Lolani ndodo ipindike, ibwerere kumbuyo pang'ono, kenaka ikokereni kutsogolo mosalala. Mwa njira zonse, iyi ndi imene ndingapatse munthu amene akuyamba kumene, chifukwa nyambo imakhala pamalo oyenera yokha.

Zikakhala pakatikati pa madzi, monga zimachitira ku Erie kuyambira Juni, njira ndi yokoka nyambo kumbuyo kwa boti. Apa pali chinthu chimene ambiri amalakwitsa. Walleye imasaka choyang'ana kumwamba, choncho nyambo iziyenda mita imodzi kapena iwiri pamwamba pa nsomba zimene mukuziona. Ikadutsa pansi pake siziiona n'komwe. Komanso nsomba zimene zili pamwamba kwambiri sizioneka pa fish finder chifukwa zimathawira m'mbali boti likamafika, makamaka kuyambira pamene nkhono za zebra mussel, zimene zinapezeka koyamba mu Lake St. Clair mu 1988, zinayeretsa madzi a nyanjazi. N'chifukwa chake pali planer board, kathabwa koyandama kamene mumakakoloweka pa chingwe ndipo kamatengera nyambo kutali m'mbali mwa boti. Tulutsani nyambo yooneka ngati kansomba kufika pa nambala imene mwasankha pa kauntala, kolowekani kathabwako, n'kutulutsanso chingwe kuti kapite m'mbali. Ndodo iliyonse iyambe ndi nambala yosiyana. Ina ikagwira kawiri, sinthani zinzake zifanane nayo. Liwiro likhale makilomita 2.5 mpaka 4 pa ola, chocheperapo madzi akakhala ozizira. Kathabwa kakatsalira m'mbuyo kusiyana ndi anzake, pali nsomba. Musagwedeze ndodo, pombani chingwe mosadukiza, mnzanu achotse kathabwako kakafika m'manja, ndipo chingwe chisakhwepe ngakhale pang'ono pa nthawi imeneyo.

Pogwira walleye samalani minga ya chipsepse cha pamsana, mano, ndi fupa lakuthwa la patsaya. Ndipo dziwani kuti yochokera kwakuya koposa mamita 9 kapena 10 thumba lake la mpweya limafufuma, moti ngakhale mutaibweza kawirikawiri siipulumuka. Ngati mukuwedza kwakuya chotero, sungani zimene mwagwira ndipo mukakwanitsa nambala yololedwa, lekani.

Salmon: yambani ndi kuzizira kwa madzi

Salmon zimene anthu amawedza kwambiri m'nyanjazi, Chinook ndi coho, kwawo ndi ku Pacific. Boma la Michigan, motsogozedwa ndi katswiri wa nsomba Howard Tanner, linathira coho m'mitsinje yolowa mu Lake Michigan mu 1966. Chinook inathiridwa mu 1967. Nthawi imeneyo kansomba kotchedwa alewife kanali kataswana mopyola muyezo, mpaka kumafa n'kudzaza magombe a ku Chicago. Mbiriyi ili ndi phindu kwa msodzi, chifukwa mpaka lero Chinook imadalira alewife. Alewife itatha mu Lake Huron cha m'ma 2003 ndi 2004, usodzi wa Chinook kumeneko unagwa nawo. Choncho mukafuna salmon, funani alewife, ndipo nyambo yanu izifanana nayo: yasiliva, yopyapyala, yotalika ngati chikhatho.

Sitepe yoyamba ndi kupeza madzi a madigiri 7 mpaka 12. M'miyezi yotentha nyanja imagawikana: pamwamba madzi ofunda, pansi ozizira kwambiri, pakati kachigawo kopyapyala komwe kutentha kumatsika msanga. Salmon imayenda m'kachigawoka kapena pansi pake pang'ono, n'kumakwera kukadya alewife. Maboti ambiri amakhala ndi kachipangizo kotsitsira pansi koyeza kutentha ndi liwiro pamene pali nyambo. Ngati mulibe, kwezani mphamvu ya fish finder. Kachigawoka nthawi zina kamaoneka ngati mzere wa utsi, ndipo khamu la alewife limaoneka ngati mtambo. Mauta akuluakulu m'mbali kapena pansi pa mtambowo ndi amene mukufuna.

Kachigawo kameneka sikakhala malo amodzi, ndipo mphepo ndiyo imakasuntha. Mphepo yoomba kuchokera kunyanja kupita kugombe masiku angapo imaunjika madzi ofunda kugombeko, ndiye madzi ozizira amatsikira mamita 30 kapena kupitirira, ndipo muyenera kupita kutali. Mphepo yochokera kumtunda imakankhira madzi ofunda kutali, ozizira n'kukwera, moti salmon zimatha kupezeka pa mamita 10 pafupi ndi doko. Musanapite komwe munagwira sabata yatha, dzifunseni kuti mphepo yaomba kuchokera kuti masiku atatu apitawa. Mu Epulo ndi Meyi zinthu zimatembenuka: nyanja yonse imakhala yozizira, ndiye coho zimafuna madzi ofundirapo a pamwamba ndi a kugombe, monga kummwera kwa Lake Michigan, ndipo ku Lake Ontario nsomba zimasonkhana komwe Niagara River imathira.

Sitepe yachiwiri ndi kufikitsa nyambo kumeneko. Chida chodalirika ndi downrigger: mkono wachitsulo womangidwa m'mbali mwa boti, wokhala ndi waya ndi mpira wa mtovu wa makilogalamu 4.5 mpaka 7. Chitani motere. Boti likuyenda, tulutsani nyambo mamita 3 mpaka 15 kumbuyo, motalikirapo ngati mukuwedza chapamwamba. Panikizani chingwe mu kapana kamene kali pa mpirawo. Masulani reel pang'ono ndipo tsitsani mpira mosathamanga kufika pa kuya komwe mukufuna. Ikani ndodo m'chogwirira, pombani chingwe mpaka ndodo itapinda ngati uta. Nsomba ikaluma, chingwe chimasomphoka pa kapana, ndodo imawongoka mwadzidzidzi, ndipo mumalimbana ndi nsomba popanda mtovu pakati. Kumbukirani kuti madzi amakankhira mpirawo kumbuyo, choncho kauntala akamati mamita 30, mpirawo uli pamwamba pa pamenepo.

Ndodo zina zipite m'mbali. Dipsy Diver ndi kambale kamene kamamira kakamakokedwa, ndipo mukakapotoza pansi pake kamathawira kumanja kapena kumanzere. Palinso chingwe cha leadcore chokhala ndi mtovu mkati, chimene chimasintha mtundu pa mayadi 10 alionse, omwe ndi mamita pafupifupi 9. Mtundu umodzi umamiza nyambo pafupifupi mita imodzi ndi theka. Ngati ndinu awiri m'boti laling'ono, ma downrigger awiri ndi ma Dipsy awiri n'zokwanira. Ndodo zambiri zimabweretsa zingwe zopiringizana pamene nsomba zikudya.

Nyambo zake ndi za mitundu iwiri. Spoon ndi kachitsulo kopyapyala kovinavina. Flasher ndi chithabwa cha pulasitiki chozungulira, chimene kumbuyo kwake, masentimita 50 kapena 60, mumamangirira nyambo ya ulusi wonyezimira yobisa mbedza. Kwakuya ndi m'mamawa kusanache, zobiriwira, zoyera ndi zowala mumdima zimachita bwino. Dzuwa likakwera, zasiliva. Musanatsitse nyambo iliyonse, iviikeni m'mbali mwa boti muone kavinidwe kake pa liwiro limenelo. Spoon iziyenda chogwedezeka uku ndi uku, isamazungulire ngati chopukusira.

Liwiro la salmon ndi makilomita 3.5 mpaka 5 pa ola. Koma m'nyanjazi muli mikokomo ya pansi, kutanthauza madzi oyenda pansi osaoneka pamwamba, moti liwiro la pa GPS lingasiyane ndi la pamene pali nyambo. Yang'anani waya wa downrigger: ukagona kwambiri mukulimbana ndi mkokomo, ukaima chilili mukuyenda nawo. Ngati mukugwira popita kumpoto kokha, osagwira pobwerera, chifukwa chake n'chimenechi. Sinthani liwiro pobwerera mpaka wayayo atapendekeka chimodzimodzi. Yendetsaninso boti mokhotakhota. Pokhota, nyambo za kunja zimathamanga, za mkati zimachedwa n'kutsika pang'ono. Mbali imene yagwira ikuuzani ngati nsomba zikufuna liwiro kapena kudekha.

Fikani pamadzi kusanache. Ola loyamba la kuwala ndilo lolemera kwambiri kwa Chinook, ndipo zingwe zizikhala zili kale m'madzi pamene kukuyera.

Chinook ikaluma, imathawa ndi chingwe mamita ambirimbiri osaima. Isiyeni ithawe. Reel ikhale yomasuka mokwanira kuti chingwe chizituluka chikakokedwa mwamphamvu, ndipo chala chanu chisakhudze pamenepo. Boti lisaime, lingochepetsa liwiro, apo ayi zingwe zina zimira n'kukolana. Nsomba ikaima, kwezani ndodo pang'onopang'ono, tsitsani mukupomba, bwerezani. Ikatembenuka n'kuthamangira kuboti, chingwe chimakhwepa ndipo mungaganize kuti yaduka, pombani mwachangu. Ya makilogalamu 8 kapena 10 si yachilendo ku Lake Ontario, ndipo yaikulu koposa imene inalembedwa m'nyanjazi, ya makilogalamu oposa 21, inagwidwa kufupi ndi tauni ya Ludington ku Michigan mu Ogasiti 2021. Coho ndi yocheperapo koma imagudubuzika n'kudzikulunga chingwe. Wogwira ukonde adikire mpaka nsomba itagona cham'mbali, mutu uli pamwamba. Wa ndodo abwerere m'mbuyo kulowa m'boti, ndipo ukonde ulowe kamodzi, kuyambira kumutu. Kuyambira kumchira n'kuiuza nsomba kuti ithawenso.

Kuyambira pakati pa Ogasiti mpaka Seputembala, Chinook zokhwima zimasonkhana pa mathiriro a mitsinje monga Salmon River ku Pulaski, New York, kapena Manistee ndi Pere Marquette ku Michigan, kudikira mvula kuti zikwere kukaikira mazira. Amene amadziwa mpasa yokwera mtsinje wa Bua kuchokera m'nyanja ya Malawi auzindikira ulendo umenewu, kungoti Chinook ndi coho zikaikira zimafa. Pa nthawiyi zimada khungu, zimasiya kudya, ndipo zimalolera madzi ofunda. Zimaluma chifukwa cha ukali, choncho nyambo zazikulu zowala ndi zaphokoso ndizo zimagwira. Maboti amachuluka pamalo ochepa, ndiye tsatani mzere umene anzanu akuyenda ndipo patukani kutali ndi boti limene likulimbana ndi nsomba. Ngati mukufuna ndiwo yabwino, nsomba zasiliva za mu Julayi zimaposa zakudazi kutali.

Nsomba ikalowa m'boti

Imene mukusunga, ikhomeni pamutu, dulani pakhosi pansi pa zopumira kuti magazi atuluke, ndipo iikeni m'bokosi la ayisi pompo. Salmon imafewa msanga ikatenthedwa. Mukaona kuti kachipsepse kakang'ono kofewa ka pamsana pafupi ndi mchira kanadulidwa, nsombayo inaleredwa m'malo oswetsera nsomba. Mabala ozungulira m'nthiti ndi a sea lamprey, nsomba yonga mkunga yoyamwa magazi a nsomba zina, ndipo mukapeza lamprey yomatirira musaibwezere m'madzi. Maboma a Ontario, Michigan, New York ndi Ohio amafalitsa malangizo a kuchuluka kwa nsomba zimene munthu angadye pa mwezi chifukwa cha mercury ndi PCB, zinthu zapoizoni zimene zimaunjikana m'thupi la nsomba. Nsomba zazikulu ndi zonona ndizo zimasunga zambiri, ndipo malire a amayi oyembekezera ndi ana ndi otsika. Kusenda khungu ndi kuchotsa mafuta a pamimba kumachepetsa PCB, koma mercury ili mumnofu momwemo ndipo siichoka ndi mpeni.

Mukatulutsa boti, tsegulani potulutsira madzi, khuthulani madzi onse a m'mabokosi, chotsani udzu pa ngolo yonyamulira boti ndi pa injini, ndipo pukutani tizilombo tonga thonje lonyowa timene timamatirira pa zingwe. Tinsomba ta nyambo totsala tayani m'bini kumtunda. Boti liume masiku osachepera asanu musanalitsitsire m'nyanja ina, kapena litsukeni ndi madzi otentha ngati ulendo wina uli pafupi.